Mwana wa ndani uyu?

Loweruka lapitali ndinali mu Limbe kugula malata awiri oti ndikatsekere podontha mvula isanayambe. Cha m'ma 11 koloko, dzuwa likuswa mtengo, ndinaima pafupi ndi pokwerera maminibasi kudikira mnyamata wa wilibala. Apo mpomwe ndinaona kamwana.

Kanali kamnyamata ka zaka ngati zitatu, kovala malaya ofiira ofika m'mawondo, phazi limodzi lili ndi patapata, linalo lopanda. M'manja kanafumbata chidutswa cha mandasi. Kanaima m'mphepete mwenimweni mwa tala, pomwe anyamata a kabaza amakhotera njinga zawo zamoto osayang'ana n'kumbuyo komwe. Sikankalira. Kakanakhala kuti kakulira, mwina wina akanacheuka msanga. Kankangoyang'ana tsidya lina la msewu, kuponya phazi kutsogolo, n'kulibwezanso minibasi ikaliza hutala.

Ndiulule pompano, abale anga, kuti sindinathamange. Ndinaima pomwepo mphindi zitatu kapena zinayi, malata anga nditawatsamiritsa pakhoma, ndikudziuza kuti mayi ake ali pafupi. Tonse amene tinali pamenepo tinkadziuza zomwezo. Ogulitsa nthochi ankayesa ndi wa ogulitsa tomato, a tomato ankayesa ndi wa mayi amene ankadikira minibasi ya ku Bangwe, mayiwo atakwera n'kupita, kamwana kanatsala pomwe paja.

Koma chimene chinandimanga miyendo chinali china. Ndine bambo, wa imvi kale, ndipo m'dera limenelo palibe ankandidziwa. Tangoganizani munthu wotere akuwerama n'kunyamula mwana wa eni pakati pa msika. Pangofunika pakamwa pamodzi pofuula kuti "wakuba ana!" basi, nkhani yathera pomwepo. Sitinaiwale za mu 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufika mpaka mu Blantyre muno, anthu n'kuphedwa ndi magulu a anthu olusa popanda wowafunsa n'dzina lomwe. Sitinaiwalenso kuti ana enieni akhala akubedwa m'dziko muno, makamaka achialubino, motero mantha a makolo sangatchedwe misala. Mantha awiriwa, a kholo ndi a munthu wodutsa, akakumana pamsewu, amene amatsala yekha ndi mwanayo.

Njinga ina itadutsa mochita kupepesula malaya ake aja, ndinasiya malata. Sindinapite kwa mwanayo poyamba. Ndinapita kwa mayi wa nthochi, amene anali pafupi naye kuposa tonse.

"Mayi, mwanayu ndi wanu?"

"Ayi bambo, ine ndimayesa ndi wa asisi awo."

"Tiyeni timuchotse pamsewupo. Mumugwire dzanja ndinu, ine nditchinge njingazi."

Anadzuka osawiringula, n'kukonza chitenje, n'kukamutenga. Ine ndinangoima pakati pa iwo ndi msewu nditatambasula manja ngati wapolisi wa pamsewu. Wa kabaza wina anandilalatira kuti ndikutseka njira, ndipo ndinamulekerera. Tinamukhazika mwanayo pa thumba la mayi uja, pamthunzi, mapazi ochepa chabe kuchokera pomwe tinamupeza. Ndinanjuta kuti nkhope zathu zifanane msinkhu, n'kumufunsa dzina la amayi ake. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuyankha kuti, "Amama."

Apa ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa pali zinthu zina zimene ndaona anthu a mtima wabwino akulakwitsa. Wina akapeza mwana wosochera amamunyamula n'kuyamba kuzungulira naye msika wonse kufunafuna mwini wake. Pamene iye walowera kumanzere, mayi wafika pamalo paja kuchokera kumanja, wapeza palibe, ndipo wina wamuuza kuti "bambo wina wamutenga". Mwana akasowa, kholo limabwerera kaye pomwe linamusiya. Choncho ngati malowo sali angozi, ndi bwino kukhala pomwepo, poonekera, uli ndi mboni, makamaka munthu wodziwika pamalopo monga wogulitsa amene amakhala pa benchi lomwelo tsiku ndi tsiku. Amene ayende ndi mawu, mwanayo akhale.

Mawuwo tinawapeza mosavuta. Mnyamata wina woitanira minibasi, wa mawu ngati chimkuzamawu cha pamaliro, anasiya kaye kuitanira anthu a ku Chirimba n'kuyamba kufuula kuti, "Mwana wa ndani uyu? Wa malaya ofiira! Mwana wa ndani?" Anyamata amenewa timawanena zambiri, ine ndemwe ndawadandaulapo kangapo patsamba lino, koma tsikulo mmero wake unagwira ntchito imene ine ndi maphunziro anga sindikanaitha.

Tikudikira, ndinali nditatsimikiza mumtima kuti theka la ola likatha tipita naye ku polisi, ine ndi mayi wa nthochi limodzi, titasiya uthenga kwa ogulitsa onse a pamzerepo. Ambiri sadziwa kuti lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limalola wapolisi, wa ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, mfumu, ngakhale munthu wamba, kutenga mwana amene akuoneka kuti ali pachiopsezo n'kumuika pamalo otetezeka mongoyembekezera. Lamulolo silikutanthauza kuti upite naye kwanu ukamusunge mwakachetechete ayi, nkhaniyo iyenera kufika kwa adindo. Ku polisi kuli nthambi ya Victim Support Unit yoona nkhani za ana ndi mabanja, ndipo pali nambala yaulere ya 116 yoimbira pa nkhani za ana. Ndi manambala atatu okha, koma munthu ukasokonezeka amathawa m'mutu, ndiye ndi bwino kuwasungiratu mufoni.

Ku polisiko sitinafikeko. Patatha mphindi ngati makumi awiri kunatulukira mayi wachitsikana akuthamanga, thumba la kaunjika lili pamutu, kumbuyo kwake kukubwera kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu kakulira mosatonthozeka. Mwana uja atangomuona anataya mandasi n'kukweza manja. Umboni wina sitinaufune.

Zikomo sanabwere msanga. Mayiyo anamukwatula mwanayo, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Inu ndinu ndani? Mumafuna mupite naye kuti?" Anthu anali atayamba kuunjikana, ndipo ndinamva thukuta lozizira kumsana. Anandipulumutsa ndi mayi wa nthochi uja. "Iwe, usawalankhule choncho bambowa. Pakadapanda iwowa bwenzi ukutola mwana wako pansi pa njinga." Woitanira uja naye anaikira kumbuyo. Pamenepo mpomwe ndinamvetsa phindu la mphindi imodzi ija imene ndinataya poyamba ndi kufunsa mayiwo.

Nkhani yake inali yachidule. Anapita kukaoda zovala zoti akagulitse, ndipo poti mkati muja mumakhala mothinana, anamusiya mwanayo ndi mlongo wake uja pakhonde la sitolo ina. Kamtsikana kanatengeka ndi anyamata ovina pa wailesi ya kanema ya m'sitolo yoyandikana nayo. Kakucheuka, mlongo wake palibe.

Atamaliza kufotokoza, mkwiyo wonse umene unalephera kugwera ine unatembenukira kwa kamtsikana kaja. Khofi loyamba linamveka ngati wathyola nkhuni. Akukweza dzanja kachiwiri, ndinapezeka ndalankhula.

"Pepani mayi, nayenso ndi mwana."

Dzanja linaima m'malere. Anandiyang'ana, maso ali ofiira, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ndiye ndikanamusiya ndi ndani, bambo? Mukanandilerera ndinu?"

Ndinalibe yankho, ndipo mpaka lero funso limenelo likundisowetsa mtendere. N'kosavuta kwa ine, amene ana anga anakula agogo awo ali pakhomo, kunena kuti mayiyu ndi wosasamala. Kumudzi mwana sasowa maso omuyang'ana: azakhali ali apo, agogo ali pamkeka, aliyense wodutsa akudziwa kuti uyu ndi wa kwa uje. Mwambi uja wa mwana wa mnzako ngwako yemwe unabadwira kumeneko, kumene mnzakoyo umamudziwa. M'tauni mayi amachita lendi kachipinda pakati pa anthu amene anabwera mwezi watha, sukulu za mkombaphala Loweruka sizitsegula, ndipo akapanda kupita kukaoda, Lolemba poto sakhala pamoto. Komabe sindingavomere kuti mwana wa Sitandade 2 asenzedwe moyo wa mnzake pakati pa Limbe, kenaka n'kumenyedwa chifukwa wachita zimene mwana aliyense wa msinkhu wake akanachita. Zonse ziwirizi ndi zoona, ndipo sindinapeze njira yozinenera kwa mayi amene akunjenjemera ndi mantha pamaso pa gulu.

Chimene ndinaona n'chakuti mawu ochepa aja anakwanira. Ndikanayamba kumulalikira za malamulo ndi ufulu wa ana, manyazi akanamukwiyitsa kwambiri, ndipo kamtsikana kaja kakanakalipira kunyumba madzulo ake. Mayi wa nthochi anachita bwino kuposa ine. Anathyola nthochi ziwiri, n'kupatsa ana onse awiri, n'kumuuza mayiyo kuti, "Ulendo wina uzingowasiya pano, ine sindichoka mpaka 5 koloko." Mayiyo sanayankhe. Anabereka wamng'onoyo, n'kusenza thumba lake, ndipo atayenda pang'ono anatembenuka n'kuwomba m'manja kamodzi, chamumtima, osayang'ana aliyense.

Nditabwerera pakhoma paja ndinapeza malata anga alipo onse awiri, mnyamata wa wilibala atawakhalira, akudandaula kuti ndamuchedwetsa ndipo ndimuwonjezere ndalama. Ndinamuwonjezera. Patapata linalo la mwana uja tinaliona tikunyamuka, lili pakati pa msewu, matayala atalipondaponda.