Mbewu yatsopano imayesedwa mumtondo

Agogo anga sankakangana ndi alangizi a zaulimi. Mlangizi akafika pa njinga kudzatama chimanga cha haibulidi, iwo ankamuyalira mphasa n'kumangovomera: "Zoona bambo, tamva." Mvula yoyamba ikagwa, ankatsitsa chimanga chamakolo chimene anachipachika pautsi m'khitchini, n'kubzala chomwecho.

Ife ana asukulu tinkati ndi umbuli. Tinkalakwa.

Haibulidi wa masiku amenewo anali wofewa. Pokonola, musi ukangotsika kangapo njere zinkanyenyeka, ndipo popeta mphale yambiri inkapitira limodzi ndi gaga. M'nkhokwe namonso anankafumbwe ankayambira pa iyeyo. Mlangizi ankawerenga matumba pa tsiku lokolola, pamene agogo ankayang'ana mphale yotsala m'lichero ndiponso ngati banja lidzadye nsima mu Febuluwale. Onse ankadziwa masamu, koma wophika anali mmodzi.

Zinthu zinasintha mu 1990, pamene akatswiri a ku Chitedze, mothandizana ndi bungwe la CIMMYT, anatulutsa MH17 ndi MH18. Uyu anali haibulidi wa njere zolimbirapo, wokonoleka pafupifupi ngati chamakolo. Kwathu mbiri yake sinafalikire pa msonkhano. Mayi wina anakonola MH18 anzake akuona, wina anatapa mphaleyo m'manja n'kuiyang'anitsitsa, nkhani n'kufika kuchitsime ndi kumaliro. Agogo anayamba ndi mizere yochepa kumalire a munda, poti mbewu yogula chaka ndi chaka, yofunanso feteleza, suyika moyo wako wonse pa iyo. Pamene boma linkagawa Starter Pack mu 1998, ndi makuponi kuyambira 2005, mitima inali itafewa kale. Lero mlimi amangotchula Kanyani kapena Mkango m'sitolo ngati mayina a ana ake. Komabe agogo anamwalira akusungabe kandime ka chamakolo kuseri kwa nyumba.

Ndimakumbukira zimenezi ndikaona mbaula zosatha nkhuni, zogawidwa ndi mabungwe, zitasanduka poikira nkhuku, ogawawo n'kumadandaula kuti anthu akumudzi ndi ovuta. Kodi munayesapo kuvundula nsima ya anthu 10 pa mbaula imeneyo? Mphika unakhazikika? Inu obweretsa zatsopano, mukamaliza kulankhula ndi amfumu pabwalo, pitani kukhitchini mukamupatse mayi wophikayo ayese, ndipo mudikire mpaka nsima ipse.