Udzudzu Sudikira Thandizo la Kunja

M'chaka cha 2001 atsogoleri a maiko a mu Africa anakumana ku Abuja, m'dziko la Nigeria, ndipo analonjeza kuti aziika 15 peresenti ya bajeti ya boma ku ntchito zaumoyo. Mwana amene anabadwa chaka chimenecho lero ndi wamkulu kuposa ine, koma zaka zambiri bajeti yathu ya zaumoyo sifika pa mlingowo. Mpata wotsalawo timautseka ndi ndalama za anthu ena, ndipo pa nkhani ya malungo m'pamene izi zimaonekera kwambiri.

Maneti amene timagonamo, mankhwala a LA, tizipangizo toyezera magazi pa chala ndi mankhwala opopera m'nyumba, zambiri mwa izi zimagulidwa ndi ndalama za bungwe la Global Fund ndi boma la America. Tiyenera kuthokoza. Koma mu Januwale 2025, boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lopita kunja, tinaona kuti moyo wa mwana wa ku Nkhotakota ungathe kulamulidwa ndi siginecha ya munthu wa ku Washington. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ife sitisuta, koma mwambiwo sunanamepo.

Bungwe la WHO likuti m'chaka cha 2023 malungo anapha anthu pafupifupi 597,000 padziko lonse, ndipo pafupifupi 95 mwa 100 alionse anali a mu Africa. Komatu matendawa amagonja. Dziko la Cabo Verde ndi la Egypt analengezedwa mu 2024 kuti athana nawo. Ifenso si alendo pa nkhondoyi: mu Epulo 2019 Malawi ndiye anali woyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana, Ghana ndi Kenya n'kutsatira. Nzeru ndi anthu ogwira ntchito tili nawo. Chosowa ndi ndalama zathuzathu zoti ntchito isamaime wina akatseka chikwama.

Monga munthu amene ndikuphunzira zauphunzitsi, chimene chimandiwawa ndi ana a sukulu. Neti imayamba yapita kwa mayi woyembekezera ndi khanda, ndipo m'pake. Katemera nayenso ndi wa ana aang'ono. Nanga mwana wa Sitandade 5 amene amagona pamphasa ndi abale ake atatu? Ofufuza kuno kum'mwera anapeza kuti ana a msinkhu wa sukulu ndiwo ambiri ali ndi tizilombo ta malungo m'magazi, ndiponso ndiwo sagona m'neti kawirikawiri. Ena sadwala n'kugonekedwa. Amangokhala ofooka, magazi ochepa, maso ali pa bolodi koma mutu uli kwina, mphunzitsi n'kumati ndi aulesi. Udzudzu ukawaluma umatenga tizilombo tija n'kukatisiya mwa khanda la m'nyumba yomweyo. Nyengo ya mvula, pamene malungo amafika pachimake, ndi nthawi yomwenso a Sitandade 8 amakonzekera mayeso.

Ku Zomba anayesapo kuphunzitsa aphunzitsi a m'sukulu za pulayimale kuyeza ndi kupereka mankhwala a malungo pasukulu pomwepo, ndipo aphunzitsiwo anakwanitsa. Ntchito zotere zimafa ndalama za polojekiti zikatha. Unduna wa Zaumoyo ndi wa Maphunziro ayenera kuziika mu bajeti, osadikira mlendo.

Ife a mpingo timadziwika ndi uthenga wa zaumoyo. Timaphunzitsa bwino za zakudya, madzi ndi kuipa kwa mowa, koma ndi kangati pa Sabata la zaumoyo pamene timamva za neti yong'ambika, kapena za kumaliza LA masiku onse atatu ngakhale thupi litapepuka? A Pathfinder angathe kuyenda m'midzi yozungulira tchalitchi kuthandiza agogo kumanga maneti ndi kukwirira zithaphwi. Amayi a Dorika amadziwa kale nyumba zimene muli ana osowa.

Koma makasu a Pathfinder sangagule mankhwala a dziko lonse. Bajeti imadutsa m'Nyumba ya Malamulo, ndipo aliyense wa ife ali ndi phungu kwawo. Tchuthi chikubwerachi, akabwera pa msonkhano, timufunse kuti chaka chino boma laika ndalama zingati za m'thumba mwake pa malungo, ndiponso kuti iye anati chiyani pamene ankakambirana.