Galu asanakwere boti, abayidwe kaye

Kwa munthu wa kwa Inkosi Champiti m'boma la Ntcheu, nkhani yoti kunja kuno kuli mabanja amene amatha miyezi akuyenda pa kaboti m'mbali mwa nyanja pamodzi ndi agalu awo ndi yoseketsa. Kumudzi ntchito ya galu n'kulondera pakhomo, kupita kuuzimba ndi kudikira mkute. Zomuveka jekete yoti asamire m'madzi, ambiri angati eni akewo ndalama zawachulukira.

Koma asanaseke kwambiri, anthu amve kaye zimene eni agaluwa amachita ulendo usanayambe. Amene amanyamuka ku Florida m'dziko la America pa maboti ang'onoang'ono kupita ku zilumba za Bahamas amayenera kukhala ndi chilolezo cha boma la kumeneko, komanso chikalata cha dotolo wa ziweto chosonyeza kuti galuyo adabayidwa katemera wa chiwewe. Popanda mapepalawa, galu saloledwa kulowa m'dzikomo, kaya akhale wonenepa chotani.

Ulendo wotere si wachilendo kwenikweni ku Malawi. Ntcheu ilibe gombe, koma nyanja sili patali. Mabanja amapita kukadyera Khirisimasi ku Mangochi kudzera ku Liwonde, ena ku Monkey Bay pa msewu wa Golomoti, ndipo amalonda amapita kukaoda usipa ndi utaka. Banja loti lili ndi galimoto likhoza kutenga galu wake n'kukakwera naye boti ku Cape Maclear. Palibe cholakwa, bola lidziwe zitatu.

Choyamba, nyanja siseweretsa. Mphepo ya mwera imene imaomba m'miyezi yozizira imagubuduza maboti, ndipo m'malo a bango mumakhala ng'ona ndi mvuu. Galu wamantha akayamba kulumphalumpha m'boti laling'ono, anthu onse ali pangozi. Chachiwiri, zilumba za Domwe, Mumbo ndi Thumbi zili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene adakhazikitsidwa mu 1980, ndipo malamulo salola kulowetsa ziweto m'malo otere popanda chilolezo. Chachitatu, chomwe ndi chachikulu pa zonse, galu wosabayidwa amayenda ndi imfa kulikonse kumene wapita.

Malinga ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, makamaka ku Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onsewa amatenga matendawa kwa agalu, ndipo pa anthu 10 alionse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa kuti zili ndi chiwewe, anayi amakhala ana osapitirira zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, monga kuopa madzi ndi kubwebweta, kuchira n'kosatheka. Sing'anga kapena dotolo, palibe angabweze moyowo.

Apa ndi pamene galu wa m'boti akuposa galu wa kumudzi. Uja ali ndi chikalata, uyu sadaoneko jekeseni chibadwire. Komatu ndi uyu amene amagona pakhonde, kusewera ndi ana ndi kuyenda mudzi ndi mudzi usiku, kumene amakalumana ndi agalu osokera ngakhalenso ankhandwe.

Ena amati galu akabayidwa amafooka, sauwanso ndipo sagwira kalulu. Zimenezi n'zabodza. Katemera sachotsa mphamvu kapena ukali wa galu. Enanso amati alibe ndalama, chonsecho pa kampeni ya katemera agalu amabayidwa mwaulere. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies lidabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akabayidwa, matendawa amasiya kufala. Ngati zidatheka ku Ndirande ndi ku Bangwe, zingalephereke bwanji kwa Champiti?

Udindo uli pa onse. Alangizi a ziweto azifika m'midzi ndi katemera chaka ndi chaka, osati kudikira 28 September, tsiku lokumbukira za chiwewe padziko lonse. Mafumu aziitanitsa anthu monga amachitira pa nkhani ya makuponi. Makolo aziphunzitsa ana kuti galu akawaluma, ngakhale kungowakanda, asabise poopa kukalipiridwa. Bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako wolumidwayo athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Kuthira tsabola kapena kumata ubweya wa galu pabala n'kutaya nthawi.

Maiko adagwirizana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu womwalira ndi chiwewe chochokera kwa agalu. Ambiri mwa agalu a kwa Champiti sadzaliona boti pa moyo wawo, koma chikalata cha katemera akuchifuna chimodzimodzi. Mwini galu amene amanyadira kuti wake ndi wolusa, atulutse kaye chikalatacho anansi ake aone.