Kusakaniza maluso kwautsa mapiri pachigwa

Mu June 2025, kampani ya ZeniMax Online Studios ya ku America idasintha lamulo lomwe lidakhala likugwira ntchito kwa zaka 11 m'masewero ake a pa intaneti otchedwa The Elder Scrolls Online. Ambiri adaombera m'manja poyamba, koma pasadathe miyezi ingapo, madandaulo adayamba kumveka.

Kwa makolo amene amangoona ana awo atayang'anitsitsa pa kompyuta, nkhaniyi ili motere. M'masewero a mtunduwu, anthu zikwizikwi a m'mayiko osiyanasiyana amakumana m'dziko longopeka, ndipo aliyense amasankha mtundu wa msilikali amene akufuna kukhala. Pokamenyana ndi chilombo amapita anayi: mmodzi amatchinga anzake, wina amachiritsa ovulala, awiri amamenya. Zili ngati timu ya mpira, komwe goloboyi, otchinga kumbuyo ndi omwetsa zigoli amadalirana.

Masewerowa, omwe adayamba mu 2014, ali ndi mitundu isanu ndi iwiri ya asilikali, ndipo mtundu uliwonse uli ndi magulu atatu a maluso. Kale, wosankha Templar amakhala ndi maluso a Templar basi. Lamulo latsopanoli lidalola wosewera amene wafika pa levulo 50 kusiya magulu awiri mwa atatuwo n'kubwereka ena kwa mitundu ina.

Ganizo lidali lakuti aliyense adzipangire msilikali wakewake. Koma zotsatira zake zidali zina. Akatswiri adawerengetsera msanga kasakanizidwe kamene kamapha chilombo mwachangu kuposa kena kalikonse, ndipo ambiri adathamangira komweko, makamaka ku maluso a Arcanist ndi a Nightblade. M'malo moti asilikali achuluke mitundu, adayamba kufanana ngati ana a sukulu ovala yunifolomu.

Amene adaluza kwambiri ndi osewera okhulupirika ku mtundu umodzi. Pofuna kuti osakanizawo asapose muyezo, kampaniyi idachepetsa mphamvu za maluso ena, ndipo chikwapucho chidagweranso amene sadasakanize kanthu. Munthu amene adathera zaka zambiri ndi ndalama zake akukuza msilikali mmodzi adapezeka kuti ndi wofooka, moti magulu ofuna kupambana nkhondo zikuluzikulu za anthu 12 akhoza kumusiya panja.

Vutoli si lachilendo, ndipo makampani ena adalithetsa poika mtengo pa kusakaniza. M'masewero a Final Fantasy XI, omwe adatuluka ku Japan mu 2002, wosewera amaloledwa kukhala ndi ntchito yachiwiri, koma poyambirira idakhazikitsidwa kuti izifika theka lokha la ntchito yaikulu. Wankhondo wa levulo 60 amakhala ndi luso lochiritsa la levulo 30, choncho sing'anga weniweni amafunikabe.

Nawo masewero a Guild Wars, omwe kampani ya ArenaNet idatulutsa mu 2005, adalola ntchito ziwiri, koma mphamvu imodzi yapadera idasungidwira ntchito yoyamba yokha. Ngakhale zidali choncho, potulutsa Guild Wars 2 mu 2012 kampaniyi idachotseratu ntchito yachiwiriyo. World of Warcraft, yomwe idayamba mu 2004 ndi mitundu isanu ndi inayi, yakhala ikuwonjezera mitundu yatsopano koma osalola kuisakaniza.

ZeniMax nayo idaika mtengo: luso lobwereka limadya mapointi awiri m'malo mwa imodzi. Koma kwa osewera akale, amene adasunga mapointi ochuluka, mtengowu udali ngati kulipiritsa mpondamatiki ndalama ya chitumbuwa.

Tisaiwale kuti lamuloli lili ndi ubwino wake. Munthu wapantchito kapena mwana wa sukulu, amene alibe nthawi yokuza asilikali asanu ndi awiri, tsopano atha kulawa maluso ambiri ndi msilikali mmodzi. Kampani nayo imafuna chatsopano chobwezera osewera amene adatopa. Koma kulinganiza mitundu isanu ndi iwiri n'kosavuta poyerekeza ndi kulinganiza kasakanizidwe mazanamazana kochokera m'magulu 21 a maluso. Ukakonza pano, paphulika apo.

Kumapeto kwa 2025 kampaniyi idalengeza kuti ikonzanso mitundu yonse umodziumodzi, kuyambira Dragonknight, kuti uliwonse ukhalenso ndi nkhope yakeyake. Uku kudali kuvomereza kuti china chake chidasokonekera.

Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Masewerowa amakoma chifukwa palibe amene angathe zonse payekha, ndipo wotchinga amafuna wochiritsa monga momwe wochiritsa amafunira womenya. Ngati kukonzansoku sikupatsa wosewera wa mtundu umodzi chinthu chimene wosakaniza sangachipeze, ndiye kuti kusankha mtundu wa msilikali kudzangokhala kusankha dzina chabe.