MACHEZA A PAKHONDE: Goloboyi amene mzinda udamukana



Mwezi wathawu ndidaima pa bwalo lina kufupi ndi Mtakataka kuti ndionereko anyamata akusewera. Mpira udachedwa kuyamba chifukwa padabuka mkangano. Nkhani yake idali ya mnyamata wina amene wangotuluka kumene kundende, komwe adakagwira ukaidi chifukwa choba ukonde wa msodzi. Zoti mnyamatayo ndi goloboyi wodziwa palibe adatsutsa. Koma akuluakulu ena a timu adati sangalole wakuba kuvala yunifomu yawo, poti anzawo a ku Golomoti akadzamva adzawaseka. Mwini nkhaniyo adangokhala pansi pa mtengo wa mango atazyolika. Ndili pomwepo ndidakumbukira mbiri ya goloboyi wina wa ku Germany, ndipo ndati lero ndikufotokozereni.

Dzina lake lidali Bernhard Trautmann, koma Angerezi ankangomutcha Bert. Adabadwira mu mzinda wa Bremen pa 22 October 1923. Adakula m'nthawi ya ulamuliro wa Adolf Hitler, ndipo akali mwana adalowa gulu la achinyamata a chipani cha Hitler. M'chaka cha 1941, ali ndi zaka 17, adalowa usilikali mwakufuna kwake, nakhala mmodzi wa asilikali odumpha m'ndege. Adamenya nkhondo zaka zitatu polimbana ndi asilikali a Soviet Union, mpaka adalandira mendulo zisanu. Tisabise mawu: pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imene agogo athu a keyala adakamenya ku Ethiopia ndi ku Burma ali mbali ya Angerezi, Trautmann adali mbali ya adani, mbali imene idachita nkhanza zosaneneka.

Mu 1945 nkhondo ili pafupi kutha, Angerezi adamugwira ndi kumutumiza ku England ngati mkaidi wa pankhondo. Ku msasa wa akaidi wa Ashton-in-Makerfield m'dera la Lancashire, akaidiwo ankasewera mpira pochotsa mphwayi. Iye poyamba ankasewera kumbuyo, koma tsiku lina atavulala adapempha kuti aime pagolo, ndipo kuyambira pamenepo pagolo sadachokeponso. Atamasulidwa mu 1948 adakana kubwerera kwawo. Adagwira ntchito pa famu, adagwiranso ntchito yoopsa yochotsa mabomba amene sadaphulike, uku akusewera m'timu yaing'ono ya St Helens Town.

Mu October 1949 timu ya Manchester City idamulemba kuti alowe m'malo mwa goloboyi wawo wotchuka, Frank Swift, amene adali atapuma. Apa mpamene padavuta. Mzinda wa Manchester udali utaphulitsidwa ndi ndege za Ajeremani mu December 1940. Mumzindamo mudalinso Ayuda ambiri, ndipo padali patangopita zaka zinayi chidziwikire dziko lonse kuti boma la Hitler lidapha Ayuda 6 miliyoni. Anthu pafupifupi 20,000 adachita zionetsero zokana msilikali wa Hitler pagolo pawo. Makalata aukali adafika ku ofesi ya timu, ndipo ena adaopseza kuti asiya kukaonera masewero. Kodi ndani angawadzudzule? Misozi idali isanaume m'maso mwawo.

Mawu amene adaziziritsa mitima adachokera kumene anthu sankayembekeza. Mtsogoleri wa Ayuda a mu Manchester, amene iwo amamutcha rabbi, adali Alexander Altmann. Mkuluyu adathawa ku Germany mu 1938, ndipo makolo ake adaphedwa ku msasa wa Auschwitz. Ngati padali munthu woyenera kudana ndi Mjeremani aliyense, adali iyeyu. Koma adalemba kalata m'nyuzipepala ya mumzindamo yopempha anthu kuti asalange munthu mmodzi chifukwa cha milandu ya mtundu wonse, koma kuti aliyense aweruzidwe payekha. Kaputeni wa timuyo, Eric Westwood, amene adamenyana ndi Ajeremani ku Normandy, nayenso adamulandira mlendoyo pamaso pa osewera anzake.

Kalatayo idangotsekula chitseko. Zotsala zonse zidali m'manja mwa Trautmann mwini. Kulikonse kumene timu inkapita, ochemerera ankamutukwana ndi kumukumbutsa za Hitler, iye n'kumangogwira mpira. Mu January 1950 adakasewera koyamba mu London, mzinda umene udazunzika kwambiri ndi mabomba, polimbana ndi timu ya Fulham. Masewero adayamba ndi mwano wokhawokha. Manchester City idagonja 1-0, koma chifukwa cha mipira imene iye adaitchinga tsiku limenelo, pomaliza anthu adaimirira kumuombera m'manja, ndipo osewera a matimu onse awiri adachita chimodzimodzi.

Chaka chake chachikulu chidali 1956. Atolankhani a zamasewero adamusankha kukhala katswiri wa chaka ku England, ndipo adali goloboyi woyamba kulandira ulemu umenewu. Pa 5 May chaka chomwecho timu yake idakumana ndi Birmingham City pa bwalo la Wembley m'ndime yotsiriza ya chikho cha FA Cup. Kutatsala mphindi 17, City ikutsogola 3-1, Trautmann adadziponya pa mapazi a Peter Murphy, ndipo bondo la Murphy lidamugunda m'khosi. Masiku amenewo malamulo sankalola kulowetsa wosewera wina m'malo mwa wovulala. Iye adadzuka ali dzandidzandi, napitiriza kutchinga mpaka wezulo yomaliza, ndipo adakalandira mendulo yake khosi litapendekeka. Patapita masiku angapo, madokotala atamuunika adapeza kuti fupa la m'khosi lidali litathyoka. Chidamupulumutsa n'chakuti fupa linzake lidatsamira lothyokalo n'kuligwira.

Pamenepa ndiime pang'ono, anyamata inu. Chimenechi si chitsanzo choti mutengere. Trautmann sankadziwa kuti khosi lathyoka, ndipo adapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Mnzanu akagwa pa bwalo n'kumadandaula khosi, musamudzutse mokoka manja kapena kumuthira madzi kuti apitirize. Mugwireni mutu kuti usagwedezeke, mumunyamule pa chinthu cholimba ngati chitseko, ndipo muthamangire naye kuchipatala, kaya ku Mua kaya kwina kumene kuli pafupi.

Moyo wake sudali wa zikho zokhazokha. Patangopita milungu yochepa chitengere chikho chija, mwana wake wamwamuna wa zaka zisanu adagundidwa ndi galimoto n'kumwalira. Komanso sadali munthu wopanda zolakwa: akali mnyamata adathawa mkazi amene adamuberekera mwana wamkazi, ndipo adadzaonana ndi mwanayo patapita zaka zambirimbiri. Timu ya dziko lake sadaisewerepo, chifukwa mphunzitsi wake, Sepp Herberger, sankatenga osewera a kunja kwa Germany. Choncho pamene West Germany inkatenga chikho cha dziko lonse mu 1954, iye adalibe gawo.

Adasewerera Manchester City masewero 545 m'zaka 15. Popuma mu 1964, anthu oposa 45,000 adadzaza bwalo la Maine Road kudzamutsanzika, mu mzinda womwe uja umene udamukana. Pambuyo pake bungwe la mpira la ku Germany lidamutuma kukaphunzitsa mpira m'maiko osauka. Adakafika ku Burma, kwa anansi athu ku Tanzania, ku Liberia ndi ku Pakistan, mpaka adapuma mu 1988. Mu 2004 boma la Britain lidamupatsa ulemu wa OBE chifukwa choyanjanitsa Angerezi ndi Ajeremani kudzera mu mpira. Adamwalira ku Spain pa 19 July 2013 ali ndi zaka 89. Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko simungakaone ngati mwamubweza ali pa chipata.

Tsono tibwerere pa bwalo lathu lija. Ndikudziwa kuti ena munena kuti nkhanizi n'zosiyana, poti mnyamata wathuyu adaba ndi manja ake. Zoona. Koma khoti lidamuweruza, chilango adachimaliza, ndipo ife tikamutsekera bwalo, tikamutsekera ganyu, tikamutsekera ndi pa mphasa pomwe, ndiye kuti tikumupatsa chilango chachiwiri chopanda tsiku lothera. Mnyamata wosowa pokhala pakati pa anzake amakapeza anzake ena, ndipo tonse tikuwadziwa amene amamudikira kuseri.

M'nkhani ya Trautmann ine ndikuonamo mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi ya wolakwiridwa. Ku Manchester mawu amene adamveka adali a munthu amene adataya makolo ake. Kwathu kunonso, mawu a mwini ukonde uja angalemere kuposa a komiti yonse ya timu. Mbali yachiwiri ndi ya wolandiridwa. Trautmann sadabweze mwano, koma adaima pagolo chaka ndi chaka mpaka anthu adasintha maganizo. Mnyamata wathuyu ayenera kupita ndi amalume ake kwa msodzi uja kukapepesa, ndipo ngati n'kotheka abwezeko pang'onopang'ono zimene adaononga. Akatero asadabwe anthu akamamunenabe. Kukhulupirika kumabwerera ngati madzi a pa chitsime cha m'chilimwe, pang'onopang'ono.

Tsiku lija mnyamatayo sadasewere. Timu idaika pagolo kamnyamata kena kamene sikadazolowere, ndipo zigoli zimene idamwetsedwa sindizitchula, kuopa kukhumudwitsa eni ake. Pochoka ndidamuona goloboyi uja akuthandiza kumasula ukonde wa pagolo ndi kuupinda bwinobwino, popanda womutuma.

Inu bambo, inu mayi, pa mudzi panu alipo wotere. Kambiranani nkhaniyi pakhonde madzulo ano, ana akumva. Tidzachezanso m'kope likudzali.