Mwamizidwa katatu, koma anafa ndani?

Mwezi watha msuweni wanga anabatizidwa kachitatu. Koyamba anali khanda, m'manja mwa azakhali, m'tchalitchi cha njerwa kumudzi kwathu, momwe ndinabatizidwiramonso ine. Kachiwiri tinali kusekondale, a felosipu anamumiza mumtsinje Loweruka lina m'mamawa. Kachitatuka ndi ku Lilongwe konkuno, m'dziwe losambiramo la pa loji ina, atavala zoyera zimene anagula kwa ampingo omwewo. Zithunzi zinadzaza pa WhatsApp. Madzulo ake anandiimbira foni: "Iwe msuweni, ukuchedwa chiyani? Zija za kumudzi sunali ubatizo, anangokunyowetsa pamphumi basi."

Ndinaseka, poti n'chisuweni. Koma mawu omwewo anakawauzanso amayi, ndipo amayi sanaseke. Anandifunsa, mawu akunjenjemera, ngati malonjezo amene iwo ndi malemu bambo anachita pamaso pa mpingo atandinyamula anali masewera. Ndiye ndati ndiyankhe pano poyera, chifukwa ndikudziwa kuti si msuweni wanga yekha. Ine sindikabatizidwanso, ndipo zifukwa zake ndi izi.

Ambirife tausandutsa ubatizo kukhala mankhwala. Ntchito ikamavuta kupeza, chibwenzi chikatha, geni ikagwa, pamapezeka wina wotiuza kuti ubatizo woyamba uja sunagwire, tikalowenso m'madzi. Ululu wake ndimaudziwa. Ndinakhala zaka ziwiri digiri ili m'chikwama, ndikuyenda ndi envulopu ofesi ndi ofesi, ndipo nthawi imeneyo aliyense wondilonjeza khomo lotseguka ndikanamutsatira. Koma tiyeni tinene zoona, amangwetu: kaganizidwe kameneka n'komwe kaja kopita kwa asing'anga kukasamba mankhwala ochotsa minyama. Tangosintha malo osambira ndi zovala za wosambitsa.

Baibulo limene tonse timanyamula silikamba za ubatizo motero. Pa Aroma 6, Paulo akuufanizira ndi maliro: munthu wakale amaikidwa m'manda pamodzi ndi Khristu, kuti wina adzuke n'kuyamba kuyenda moyo watsopano. Kwathu kuno maliro timawadziwa bwino. Munamvapo adzukulu akukumba manda a munthu mmodzi katatu? Pa Aefeso 4 Paulo yemweyo akuwerenga ubatizo pakati pa zinthu zimene zili chimodzi chokha, ndipo chikhulupiriro chimene mabishopu anakhazikitsa ku Constantinople mu 381, chomwe Akatolika, Aangilikani ndi ena amachinenabe m'tchalitchi, chimavomereza ubatizo umodzi. Umodzi chifukwa wolonjeza wamkulu pamenepo ndi Mulungu, ndipo lonjezo lake silitha mphamvu ngati bandulo ya intaneti.

Ubatizo ndi khomonso lolowera m'banja. Wobatizidwa amapatsidwa abale amene sanawasankhe, osauka ndi olemera, a chipani ichi ndi icho, a mtundu uwu ndi uwo. Ndipo umabwera ndi ngongole. Anthu atakhamukira kwa Yohane ku Yordano, pa Luka 3, iye sanawafunse ngati akumva kuzizira kapena kutentha m'thupi. Anauza wa malaya awiri kuti agawireko wopanda, okhometsa msonkho kuti asiye kuwonjezera za m'thumba mwawo, asilikali kuti asiye kulanda anthu ndi kuwanamizira. Tangoganizani ulaliki umenewo utachitikira pa rodibuloko kapena pa ofesi yopereka ziphaso. Tikanakhala kuti tonse obatizidwa m'dziko muno tinamvera zitatu zokhazo, nkhani za katangale bwenzi tikuzimva mwa apo ndi apo.

Madzi pawokha sasintha munthu. Pa Machitidwe 8 pali Simoni wa ku Samariya, wamatsenga, amene anabatizidwa bwinobwino ndi Filipo. Pasanapite nthawi anatulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya Mzimu Woyera. Petro anamudzudzula koopsa, koma sanamutumize kukamizidwanso. Anamuuza kuti alape. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere, ndipo nyererezo sizichoka chifukwa chotsuka khungu la mkuyuwo kawirikawiri.

Mbiri yathu yomwe ili ndi phunziro. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, koma munthu woyamba, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881. Ankasamala kwambiri, mwinanso mopitirira muyezo, moti patapita zaka anthu ankadikira nthawi yaitali m'makalasi asanaloledwe. Elliot Kamwana atabwera ndi uthenga wa Watch Tower ku Nkhata Bay mu 1908, akubatiza mosadikiritsa, anthu oposa 9,000 analowa m'madzi m'miyezi yowerengeka, mpaka boma la atsamunda linamuchotsa m'dziko mu 1909. Mukatseka khomo kwambiri, anthu amalowera pawindo. Koma kumbali inayo kulinso phompho. Mu 1925 Tomo Nyirenda, mwana wa dziko lino amene ankadzitcha Mwana Lesa, anasandutsa ubatizo kukhala chida chogwirira mfiti pakati pa Alala ku Zambia. Amene thupi lake silinamire lonse ankati ndi mfiti, ndipo anthu ambiri anaphedwa. Iye ananyongedwa mu 1926. Sindikuti aneneri a masiku ano akupha anthu, ayi. Ndikuti ubatizo ukangosanduka matsenga, mphamvu yonse imapita m'manja mwa wogwira mutu wako m'madzimo.

Tsono a mipingo yakale musayambe kuwomba m'manja, chifukwa inunso muli ndi mlandu. Kwa inu ubatizo wasanduka chiphaso. Malume anga atamwalira, akuluampingo anatsegula kaye buku, napeza kuti zopereka zawo zinali m'mbuyo ndipo anali atasiya kubwera kwa nthawi. Anagamula kuti mpingo suimba. Amayi amene anapemphera nawo zaka zambiri anabwera atavala zitenje wamba, yunifolomu ataisiya kunyumba. Munthu wobatizidwa m'dzina la Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera anapita kumanda ngati mlendo chifukwa cha khadi. Kodi tikudabwa kuti anthu ena amasunga ubatizo ngati inshuwalansi ya maliro, kapena kulowa kalasi mothamanga chifukwa ukwati wayandikira? Ndipo tikudabwa kuti achinyamata, ataona zotere, akuthawira kwa amene akuwalonjeza moto? Msuweni wanga analipo pamaliro amenewo. Sindikukayika kuti ulendo wake wopita ku dziwe lija unayambira pomwepo.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe. A Baptist, a Seventh-day Adventist ndi ena amakhulupirira kuti munthu abatizidwe atakula, atakhulupirira yekha, ndiponso momizidwa. Ndimawalemekeza, ndipo mkangano wanga waukulu suli ndi iwo. Chikhulupiriro chimenechi anthu anachifera: Felix Manz anaponyedwa mumtsinje wa Limmat ku Zurich mu 1527 chifukwa chobatiza akuluakulu, ndipo amene anamupha anali Akhristu anzake. John Chilembwe nayenso anabatizidwa ali wamkulu ndi Joseph Booth mu 1893. Munthu amene wawerenga, waganiza, ndipo chikumbumtima chake chamuuza kuti abatizidwe atakula, apite ndi mtendere. Kungoti asanyoze amayi ake. Komanso akumbukire kuti nkhani ya kuchuluka kwa madzi si yatsopano: Didache, buku lakale kwambiri la malangizo a mpingo woyamba, limalola kuthira madzi katatu pamutu ngati madzi omizira palibe. Ena mutchula Machitidwe 19, pamene Paulo anabatizanso ophunzira ena ku Efeso. Zoona, koma iwo anali atangolandira ubatizo wa Yohane, ndipo za Mzimu Woyera anali asanamvepo n'komwe. Imeneyo si nkhani ya munthu amene wasamukira kwa mneneri watsopano.

Chimene ndikukana ndi ubatizo wa chizindikiro cha kampani, woti mpingo uliwonse umafuna kudinda chidindo chake pa iwe, ngati kusintha simu khadi. Ndikukananso ubatizo wokhala ndi mtengo, wa zovala zogulitsa ndi envulopu ya mtumiki. Augustine anakangana ndi a Donatist ku North Africa pa nkhani yomweyi zaka zoposa 1,600 zapitazo, ndipo mfundo yake inali yakuti wobatiza weniweni ndi Khristu, kaya m'busayo ndi woyera kaya ndi wochimwa. Ngati zili choncho, palibe "Papa" amene manja ake ali ndi ubatizo wamphamvu kuposa wa abusa okalamba a kumudzi kwathu amene ankayenda pa njinga.

Msuweni, ndikudziwa kuti uwerenga. Sindikukayikira kuti ukufunadi Mulungu, ndipo mwina ukumufuna kuposa ine. Koma pakhomo pako pali mtsikana wantchito amene sanalandire malipiro ake miyezi itatu, ndipo unandiuza wekha ukuseka. Ndalama ya zovala zoyera ija ikanamulipira mwezi umodzi. Yohane akanakhala kuti anali pa dziwe paja, ndikuganiza kuti akanayambira pamenepo. Mulipire mtsikanayo, ukapepese kwa amayi, ndipo ukatero ndidzakhulupirira kuti m'madzi muja munafadi munthu.

Ine ndikachimwa, ndipo ndimachimwa kwambiri, ndimalapa, ndimakonza zimene ndalakwa ngati zingakonzeke, kenako ndimapita ku mgonero. Ubatizo wanga ndi womwe uja wa m'tchalitchi cha njerwa, umene sindiukumbukira n'komwe chifukwa ndinali khanda. Amayi amaukumbukira, amati ndinalira kwambiri madzi atandikhudza. Lamlungu likubwerali ndikupita kumudzi kukakhala nawo pabenchi limodzi.