Tsidya lino alibe mlandu, tsidya lija zaka 14

Aliyense amene anagulitsapo kachewere kapena kabichi pa Lizulu akudziwa kuti malire athu ndi msewu. Ukaima mbali ino uli ku Moçambique, ukawoloka phula uli ku Malawi. Makwacha ndi mameticais amasinthana pa benchi limodzi, maliro timalira limodzi, ndipo ankhoswe a ambirife ali tsidya lija. Komatu pali chinthu chimodzi chimene phula limeneli limasiyanitsa koopsa. Mwamuna wogona ndi mwamuna mnzake, mbali ino boma lilibe naye mlandu. Mbali inayo lamulo likhoza kumutsekera m'ndende zaka 14. Munthu ndi yemweyo, wangoyenda mapazi khumi.

Chandilembetsa ndi maliro. Chaka chathachi tinaika mwana wa mlongo wanga. Dzina ndi mudzi sinditchula, amene munalipo mukudziwa. Anapita ku Tete ali mnyamata nkukhala telala, ndipo kwa zaka zambiri ankakhala nyumba imodzi ndi mwamuna mnzake. Tonse tinkadziwa, tonse tinkanamizira kusadziwa, makamaka dzinja likayandikira iye nkutumiza ndalama ya feteleza. Atadwala, amene ankamusambitsa, kumuphikira phala ndi kugona pansi pafupi ndi bedi lake kuchipatala anali mnzakeyo. Bokosi anagula ndi iyeyo. Galimoto yonyamula mtembo kuchokera ku Tete kukwera kuno kumapiri analipira ndi iyeyo. Atafika pasiwa, anyamata ena anayamba kung'ung'udza kuti wamathanyula achoke, apo ayi adzukulu sakumba manda. Anamuimika kuseri kwa nkhokwe. Nsima ya pamaliro, imene timapatsa ngakhale wamisala wodutsa m'njira, iye sanapatsidwe. Patatha sabata abale anatsikira ku Tete kukanyamula makina osokera, firiji ndi matiresi, zinthu zimene awiriwo anagula pamodzi. Ena mwa onyamulawo sanatumizepo ngakhale metical imodzi nthawi yonse ya matenda.

Ine ndine malume, mwini mbumba. Ndikanatha kuimirira nkunena mawu awiri okha, koma ndinaweramitsa mutu ngati ndikupemphera. Sindinkapemphera ayi, ndinkaopa pakamwa pa anthu. Zimene ndinayenera kunena tsiku lija ndizinena pano, ngakhale mochedwa.

M'machapa ndi pachigayo mukuyenda mphekesera yakuti boma la ku Maputo linalola amuna kukwatirana. Limenelo ndi bodza. Lamulo la mabanja, Lei da Família, la 2004, limene linakonzedwanso mu 2019, limati ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, kaya wa ku Registo, wa kutchalitchi kapena wapachikhalidwe. Chimene chinasintha ndi lamulo la milandu. A Armando Guebuza anasainira latsopano mu Disembala 2014, linayamba kugwira ntchito pa 29 Juni 2015, ndipo ndime zakale zolanga anthu otere mulibe. Zisanatero, lamulo la ntchito la 2007 linali litaletsa kale kusala wantchito pa chifukwa chimenechi. Zaka zapitapo tsopano. Chimanga cha ku Domué chikuberekabe, ana akubadwabe ku Ulónguè, nthungululu za maukwati tikuzimvabe Loweruka. Amene ankalosera kuti dziko lisanduka Sodomu atiuze chimene chawonongeka m'nyumba mwawo chifukwa chakuti mwana wa mnzawo sangamangidwe.

Mawu amene ndimawamva kwambiri ndi akuti izi ndi za azungu. Ndikuvomera kuti pa nkhaniyi pali chinthu chimene chinabwera pa sitima kuchokera ku Ulaya, ndipo chinthucho ndi lamulo lolangalo. Ndime zimene tinachotsa mu 2015 zinali m'buku la milandu la Apwitikizi la 1886, lolembedwa ku Lisboa ndi boma lomwe lija linkagwira makolo athu chibalo ndi kuwatupitsa manja ndi mbalamatodya. La ku Malawi, ndime 153 ndi zinzake, anasiya ndi Angelezi a nthawi ya Nyasaland. Eni ake anazitaya kalekale. Ku England analeka kumanga anthu otere mu 1967, ndipo Portugal inafika polola ukwati womwe mu 2010. Ife tatsala kulondera chigamba chimene mtsamunda anavula, nkumachitcha chikhalidwe cha makolo. Kodi ndi mfumu iti ya Achewa kapena Angoni inali ndi ndende yotsekeramo munthu zaka 14? Ndiponso mchitidwewo sunadikire mabungwe akunja. Mu 1907 boma la ku Transvaal linachita kafukufuku pa maukwati a amuna okhaokha m'makomponi a migodi ya Johannesburg, makamaka pakati pa amuna ochokera ku Moçambique. Mungati inali njala ya akazi m'makomponimo, ndipo kwa ambiri mwina zinalidi choncho. Koma nthawi imeneyo kunalibe Facebook, ndipo panalibe mzungu wolipira munthu kuti atero.

Nanenso zimandinyansa mzungu akamatiopseza ndi thandizo, monga anachitira David Cameron mu 2011 ponena zochepetsa ndalama ku mayiko osunga malamulo amenewa. Kuopseza kotero kumangowonjezera mkwiyo pa anthu omwe akuti akuwateteza. Koma mwano wa mlendo si chifukwa chomenyera mwana wako. Ndipo si azungu okha amene alankhulapo. Mu Januwale 2014 a Joaquim Chissano, amene anasainira mtendere wathu ku Roma mu 1992, analembera atsogoleri a mu Africa kalata yopempha kuti munthu asasalidwe chifukwa cha amene amamukonda. Nawonso a Chissano muwatcha mzungu?

Zimene lamulo la ndende limachita tinazimva pa wailesi za tsidya lija. Mu Disembala 2009 Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga anachita chinkhoswe ku Blantyre. Sanabe, sanaphe, sanagwirire mwana wa munthu. Anamangidwa, ndipo mu Meyi 2010 khoti linawagamula zaka 14 akugwira ntchito yakalavulagaga. A Bingu wa Mutharika anawakhululukira pa 29 Meyi, Ban Ki-moon ali m'dzikomo, koma lamulo linatsala, ndipo mu 2011 anawonjezamo ndime yomanga akazi okhaokha zaka 5. Mu Julayi 2023 mipingo inayenda m'misewu ya Blantyre ndi mizinda ina kukana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Chodabwitsa nchakuti mlandu umene unali kukhoti nthawi imeneyo sunali wa ukwati. Funso linali lakuti kodi anthu otere azimangidwabe, ndipo pa 28 Juni 2024 oweruza anati lamulo likhale momwemo. Apa ndi pamene ndimakwiyira anthu ophunzira amene amasakaniza dala nkhani ziwirizi. Amadziwa kuti akafunsa mayi wa kumudzi kuti mwana wake wamwamuna avekedwe velo, akana. Amadziwanso kuti akamufunsa kuti mwana yemweyo akawolere ku Maula, alira. Tsono amangofunsa funso loyambalo, yankho lake nkukaligwiritsa ntchito pa lachiwiri.

Sindikunyoza Amalawi. Nthawi ya nkhondo, ife a ku Angónia ndi Tsangano tinathawira ku Dedza ndi Ntcheu ndi mitolo pamutu, ndipo dziko laling'onolo linasunga othawa a ku Moçambique pafupifupi 1 miliyoni. Palibe anatifunsa za moyo wathu wa kuchipinda asanatipatse malo omangapo msasa. Ife amene tinadyapo nsima ya chifundo, manyazi athu ndi aakulu kuposa a wina aliyense tikamamana munthu nsima pamaliro.

Za Mulungu ndilankhula mosamala, poti ndine Mkhristu, ndinabatizidwa ku Lifidzi. Mpingo uli ndi chiphunzitso chake pa ukwati ndipo sindikuupempha kuti uchisinthe. Maepiskopi a ku Malawi anakana kudalitsa anthu otere mu Disembala 2023, ndipo imeneyo ndi nkhani ya m'nyumba ya mpingo. Koma Papa Francisco, yemwe uja tinamulandira ku Maputo mu 2019, ananena poyera mu Januwale 2023 kuti kukhala wotero si mlandu wa kukhoti, ndipo malamulo omanga anthu amenewa ndi osalungama. Ngati ndi tchimo, machimo m'mudzi mwathu alipo ambiri. Achigololo timawadziwa mayina, oledzera timawanyamula pa wilibala, a mitala amakhala kutsogolo pamsonkhano. Onsewo timawaika m'manda ndi nyimbo, ndipo akazi awo onse amadya.

Chimene chimandiwawa koposa ndi kumene mkwiyo wathu umathera. Mu 2019 dziko lathu linakhazikitsa lamulo loletsa kukwatiwitsa mwana wosakwana zaka 18, chifukwa mchitidwewo ndi wofala, ndipo kuno kwathu tonse tikuudziwa. Ku Dedza a Inkosi Theresa Kachindamoto anathetsa maukwati a ana mazanamazana, nkuchotsa paudindo mafumu owalola. Umenewo ndiwo ukwati umene ukupha ana athu pobereka ndi kuwachotsa kusukulu. Koma sindinaonepo adzukulu akukana kukumba manda a bambo amene anakwatira mtsikana wa zaka 14. Akulu awiri ogwirizana okha, osapweteka munthu, ndi amene timawatolera miyala.

Nanga ukwati weniweniwo, ine ndikuti chiyani? Ndinene zoona, mawu akuti ukwati pa amuna awiri amandilemerabe pakamwa. Ndinakula ndikudziwa ukwati wa ankhoswe, wa nkhuku, wa ana. Sindingakakamize bambo mfumu, abusa kapena shehe kumangitsa chimene chikhulupiriro chawo chikukana, ndipo boma likadzayesa kuwakakamiza ndidzaima nawo. Koma Registo si guwa. Pepala la kumeneko ntchito yake ndi kunena kuti uyu akadwala womusainira kuchipatala ndi ndani, akamwalira katundu wa m'nyumba atsala ndi yani. Boma limatenga msonkho kwa onse, osafunsa amene munthu amagona naye, tsono pepalalo lipereke kwa onse. Mulitche ukwati kapena mulipezere dzina lina, ine za dzina sindilimbana nazo. Ku South Africa analola zimenezi mu 2006, ndipo ana athu amene ali ku Joni akukwatirabe akazi ndi kutumiza malowolo monga kale. Mnzake wa mphwathu uja akanakhala ndi pepala lotere, palibe akanalowa m'nyumba mwake kukanyamula firiji.

Ndikudziwa kuti kumeneko nkutali. Bungwe la Lambda, loimira anthu amenewa, linapempha boma kuti lililembetse mu 2008, ndipo zaka zoposa khumi zinatha osalembetsedwa, ngakhale Conselho Constitucional inagamula mu 2017 kuti ndime imene inkatchinga mabungwe otere ikutsutsana ndi lamulo lalikulu la dziko. Ngati pepala la bungwe likuvuta chonchi, la ukwati sitiliona msanga. Koma zimene zinachitika pasiwa paja sizinachokere ku Maputo. Palibe lamulo linatiuza kuti timuimike kuseri kwa nkhokwe. Tinachita tokha, ine ndili pomwepo.

Mwezi wathawu ndinakweza makina osokera aja pa chapa nkubwerera nawo ku Tete. Firiji inali itagulitsidwa kale. Mnyamatayo anandilandira ndi manja awiri, nkunditcha amalume, ndipo ine ndinavomera. Tikakolola tidzaika chiliza pamanda a mphwathu. Ndamuitana. Adzakhala pamphasa ya abale ndipo adzadya mbale imodzi ndi ine. Amene izi zikumuwawa asapite kukasonkhezera anyamata usiku, abwere kunyumba kwanga masana tidzakambirane.